Giza ya Mkamwini

Giza ya sola ija, yotenthetsera madzi padenga, ndinaiika ine, ndipo wonena zina ndi wabodza. Ndinali mkamwini ku Chiringa, nyumba ndinamanga pamalo a kwawo kwa mkazi wanga. Iye atayamba kudwala miyendo, madzi ozizira ankamulowa m'mafupa, nkhuni nazo zinali zitasowa. Ndinakatenga gizayo ku Migowi, thanki yake ndi machubu ake agalasi, n'kubwera ndi pulambala.

Mlamu wanga, mchimwene wa mkazi wangayo, anangokhala pakhonde tsiku lonse manja ali m'thumba. Ankauza odutsa kuti mkamwini wapenga, akufuna kugwetsera mlongo wake denga. Titamupempha kuti atigwirireko makwerero, msana unayamba kumupweteka pomwepo. Koma madzi atangotentha, woyamba kutulukira ndi sopo ndi thaulo anali iye yemweyo. Ndinamuda munthu uja, ndipo mpaka lero sindinasiye.

Giza si chinthu choika n'kuiwala. Fumbi la m'chilimwe limamata pamachubu, madzi n'kumangofunda. Polumikiza mapaipi pamadontha, ndipo m'kampopi mumagwira zoyera ngati laimu zofunika kukokota. Padenga ndinkakwera ine ndekha, pansi inkasamba mbumba yonse.

Kenako mkazi wanga anamwalira. Akuchikazi anandisudzula monga mwa mwambo, kutanthauza kuti ndinali womasuka kubwerera kwathu ku Kaduya, ana anga awiri n'kutsala kwawo kwa mayi awo. Nditati ndimasule giza yanga, mlamu anati chokhomedwa panyumba ndi cha nyumba. Tinakangana mpaka anthu kudzatileretsa. Ndinaisiya, osati pomuopa iye, koma poti osamba anali ana anga.

Mwambo suletsa bambo kuona ana ake, koma mlamu ankadziwa kuletsa osatsegula pakamwa. Ndikangobwera kudzacheza, ana ankakhala atatumidwa kuchigayo kapena kudimba. Mpando sunkatuluka. Ndinkaima pabwalo la nyumba yomanga ndekha ngati wogulitsa matemba.

Giza ikavuta zinthu zinkasintha. Uthenga unkandipeza msanga, wolemekeza ndithu, ndipo tsiku limenelo ana ankapezeka, poti pankafunika wogwira makwerero ndi wondipatsira madzi. Ndinkapukuta machubu limodzilimodzi, mosathamanga, wamkulu akundifotokozera za kusukulu ali pansi, wamng'ono akundionetsa pomwe dzino lachoka. Ntchito ya kanthawi ndinkaikoka mpaka dzuwa kupendeka. Mlamu ankazungulira nyumba akutsokomola dala, ine osamuyang'ana n'komwe. Bambo wathunthu kukaonera ana ake padenga, zinkandiwawa, koma khomo lina ndinalibe.

Chilimwe china uthenga sunabwere. Ndinadikira, mphepo ikuulutsa fumbi tsiku ndi tsiku, ndikudziwa kuti machubu ada. Pomaliza ndinaika sanza ndi sipanala m'jumbo n'kupalasa njinga. Ndili kumsewu ndinaona padenga pakunyezimira, makwerero atsopano atatsamira khoma. Mlamu anatuluka akumwetulira, kumwetulira komwe sindinamuonepo nako zaka zonse zija.

"Mwavutikiranji, alamu? Tinaphunzira. Tikumapukuta tokha masiku ano."

Ndinafunsa za ana. Anati apita kwa mayi awo aang'ono ku Migowi, ndikanayamba ndaimba foni. Ndinadzichepetsa, ine, pamaso pa munthu ameneyo, n'kupempha kuti ndingokwera ndione ngati sipakudontha. Anati sipakudontha paliponse, ndipo anandigwirira njinga kuti ndikwere bwino.

Ndinatembenuka. Chinthu chimodzi chomwe sakanatha kuphunzira pongoonerera ndi kusintha chubu losweka. Ine amene ndinanyamula magalasi aja ngati mazira kuchokera ku Migowi, njira yonse yobwerera ku Kaduya ndinkapempha Mulungu kuti mvula yoyamba ibwere ndi matalala.