Chala cha aMwanza pa lekodi

Sendelani kuno, makamaka inu amene mutu ukamawawa mumati ndi dzuwa chabe. Ine cholembela sindichidziwa. Akulemba ndi mwana wanga Esnati, ndipo ndamuuza kuti asakometse kanthu.

Zinayamba Lachiwili m'mawa, nyengo yopalila nshawa, ndili m'munda mwathu ku Nyampande. Khasu linapulumuka m'dzanja lamanzele. Ndinalitola, linagwanso. Pobwelela kunyumba mwendo wa mbali yomweyo unkakwekwa dothi, ndipo amuna anga, aMwanza, atandipatsa madzi, ena anatayikila m'mbali mwa kamwa. Tinalakwa pamenepa. Tinati kapena ndaponda mankhwala pamphambano, ndiye masiku awili tinangothowa mwendo ndi madzi otentha. Lachinayi lilime linalemela, mawu osamveka. Ananditengela kukiliniki pangolo ya ng'ombe, ndipo anesi atandiyeza bipi anaitana galimoto yonyamula odwala kuti indipititse kuchipatala ku Petauke.

Adokotala anati ndi sitiloko. "Amai, bipi yanu yakhala yokwela nthawi yaitali inu osadziwa. Mukanabwela tsiku lomwelo, bwenzi zitapepukako."

Ndinagona m'wodi milungu itatu. M'mawa kuyeza bipi, kenako mapilitsi, kenako phala, basi kudikila adokotala. AMwanza m'wodi ya azimai sankaloledwa, ankakhala panja mpaka nthawi ya alendo. Esnati anachoka ku Lusaka kudzandisambitsa ndi kunditembenuza. Jekeseni sanandiwawe kwenikweni. Chinandiwawa n'kunyamulidwa popita kuchimbudzi, ine amene ndinabeleka ana asanu ndi mmodzi kumsana kuno.

Sabata lachitatu anandipeleka kwa mai wophunzitsa odwala kuyenda pakati pa zitsulo ziwili. Iye anaona kuti akamaomba m'manja ndikuponda, akaleka nanenso ndaima. "Mwendo uwu umamvela ng'oma," anatelo. "Kunyumba mukapeze wokuombelani tsiku lililonse, ndipo mwezi ukatha muzibwela tizikuonani."

Titafika kumudzi, Esnati ananena zakukhosi. "Amama, chimanga chikalowa m'nkhokwe musanayambe kuyenda nokha, ndidzakutengani. Atate sangamakunyamuleni, nawonso msana unatha." Sananene mwankhanza. Koma ku Lusaka amakhala m'zipinda ziwili ndi ana anayi, malo a aMwanza kulibe, ndipo ife chikwatilane sitinakhalepo kosiyana.

Tsopano ndikuuzeni za malekodi. AMwanza ali mnyamata anagwilako nchito kumigodi, nabwelako ndi galamafoni ya mabatile ndi mulu wa malekodi a oimba akuda a ku Ameleka, nyimbo za soulu ndi fanki zimene zinkavinidwa m'madisiko. Anandikopa nazo zimenezo, sindibisa. Maina ake sindiwadziwa, ndimawazindikila ndi zithunzi za pamakava. Lina lili ndi anyamata ovala mathalauza otambalala kumapazi ngati masiketi, lina mkazi wa tsitsi lotukumuka ngati thonje lakupsa. Nditalowa chigwilizano cha azimai kuchalichi, ndinati nyimbo zakumowa m'nyumba mwanga ayi. Zonse zinatsekeledwa m'bokosi, ndipo lekodi limodzi ndinalisandutsa chivundikilo cha mtsuko. Mlandu umenewo mpaka lelo sunathe.

AMwanza ndiwo ankandiombela m'manja, koma kunawatopetsa sabata lisanathe. Anatsegula bokosi lija, napeza lamba wa galamafoni ataduka. Anacheka wina pachubu cha njinga, nalumikiza nthambo ku batile la sola. Kenako anazika mitengo n'kumanga nsungwi ziwili zogwilila, kuyambila pakhomo mpaka pamtengo wa mango, theka la njila ya kuchimbudzi.

Ndinati kwa amuna anga, "Awisi Esnati, mufuna azimai a chigwilizano amve zimenezi pakhomo panga?"

"Kapena amve kuti mwakwezedwa basi ngati thumba la makala. Sankhani nokha."

Vuto linali lakuti nyimbo zija n'zothamanga. Tsiku loyamba ndinazithamangila, ndinagwela pansungwi n'kusupuka chigongono. M'mawa mwake aMwanza anaika chala m'mphepete mwa mbale yozungulila ya galamafoni kuti iziyenda pang'onopang'ono. Mkazi wa tsitsi uja anayamba kuimba ngati bambo wachimfine, malipenga kulila ngati ng'ombe yosowa mwana. Koma gitala wa mawu aakulu ankagunda du, du, pamlingo umene mwendo wanga unkatha. Choncho m'mawa ndikamwa mapilitsi, mbali imodzi ya lekodi, dzuwa likapendeka mbali inayo. Mvula ikutha ndinafika pamango. Mwezi wotsatila ndinasiya nsungwi imodzi. Kukiliniki anati bipi yatsika, popeza mchele ndinachepetsa, ngakhale ndiwo zinkamveka ngati udzu.

Tsiku lina azimai a chigwilizano anabwela kudzandipemphelela, natipeza tili pakati pa lekodi la mathalauza. Mtsogoleli wathu, amai aDaka, anaima manja ali m'chiuno. Ine manyazi anandigwila.

"Si iyi tinavina paukwati wanu?" anafunsa amai aDaka. Anandigwila mkono wodwala uja, tinayenda limodzi mpaka pamango. Pemphelo linabwela pambuyo.

Chimanga chitalowa m'nkhokwe, Esnati anafika ndi chikwama chopanda kanthu choti alongezemo zovala zanga. AMwanza anaika lekodi la mkazi wa tsitsi uja. Ndinatuluka pakhomo, ndinadutsa mango pomwe nsungwi zimathela, ndinafika kuchimbudzi ndekha, n'kutseka chitseko ndi dzanja langa. Pobwela ndi pamene khutu linandiuza kanthu.

"Nanga lelo mkaziyu chimfine chatha bwanji?" ndinafunsa.

AMwanza anakweza manja onse awili, ali ndi nshawa zimene ankasenda. "Anyina Esnati, chala ndakhala ndikuchimasula pang'onopang'ono chiyambile. Ndinachichotselatu sabata latha."

Esnati anabwelela ku Lusaka chikwama chija chitadzaza nshawa ndi maungu. Amai aDaka anapita kukayezetsa bipi, inapezeka yokwela, pano timakatengela limodzi mapilitsi. AMwanza khungu la chala chija linauma ngati chikopa, ndipo amachionetsa kwa mlendo aliyense. Ine dzanja lamanzele silinabwelele bwinobwino, khasu sindigwila, ndipo adokotala anati mbali ina ya zimenezi ndi masiku awili aja tinataya. Koma ndimaphika, ndimasamba ndekha, kuchalichi ndimapita ndi ndodo, ndipo ndimagona m'nyumba mwanga.

Choncho muziyezetsa bipi ngakhale pasakuwawa paliponse. Mukaona kamwa yapotoka, kapena dzanja lakana chinthu chimene limagwila masiku onse, musateleke madzi othowela. Mangani ng'ombe pangolo nthawi yomweyo. Lekodi la pamtsuko lija ndinalitsuka n'kulibweza kwa mwini wake. Linapindika, silingaimbenso, koma analilandila.