Zenera la a Malita

A Malita ankadzuka tambala wachiwiri atangolira. Ankagwada pambali pa mphasa n'kupemphera mwachidule, kenaka ankasukusula ndi madzi ozizira a mumtsuko. Asanalowe njira ya kuntchito, ankayamba aponda pa udzu wa kuseri kwa nyumba kuti amve mame. Mapazi akanyowa, ankadziwa kuti tsikulo fodya agwirika bwino. Akapanda kunyowa, ankangoti, "Ambuye atithandiza," n'kumapita.

Ntchito yawo inali yosankha fodya pa esiteti ina kufupi ndi Santhe. Anafikapo mu 1968 amuna awo atamwalira, ali ndi ana awiri ndi mtolo umodzi wa zovala. Anapatsidwa nyumba pa laini ya antchito, ndipo lamulo lake aliyense ankalidziwa: nyumba ndi ya wogwira ntchito, ntchito ikatha nayonso yatha. Mu shedi ankaima pa tebulo lalitali la matabwa, kutambasula tsamba limodzilimodzi, kupatula lachikasu, lofiirira, lobiriwira ndi lamawanga, n'kumanga ndindi. Pofuna kuwalemekeza anthu ankawaitana ndi mfunda wawo kuti a Nambewe.

Vuto linkabwera mu Juni ndi Julaye, mphepo youma ikayamba. Dzuwa likangokwera, fodya ankauma gwa, ukamugwira n'kumayoyoka. Malo a a Malita anali pangodya ya mdima, ndipo maso awo anali atayamba kuchita nkhungu, choncho tsamba lililonse ankalitembenuza kawiri katatu kuti aone mtundu wake. Pansi pa mapazi awo ndi pamene pankachuluka zinyenyeswa.

Tsiku lina mu 1979 a Masautso, kapitawo wa mu shedi, anaima pamenepo n'kufukula zinyenyeswazo ndi ndodo yawo.

"A Nambewe, mukusankha fodya kapena mukusinja? Manja akakalamba amakapuma kumudzi. Mwezi uno ukatha zili chonchi, malo ano ndiikapo wina."

A Malita anawerama n'kuyamba kutola zinyenyeswazo. Kumudzi kwawo ku Chisemphere kunalibenso munda wawo, ndipo mwana wawo wamkazi anali asanamalize sukulu.

M'masiku omwewo kunabwera manijala watsopano, a Cuthbert Chimphamba, munthu wachinyamata wophunzira za ulimi, woyenda pa njinga yamoto. Iwo anakhomera bokosi lobiriwira pakhomo la ofesi, lokhala ndi kampata pamwamba ndi loko kutsogolo, n'kusonkhanitsa antchito onse pansi pa mtengo wa muwanga.

"Inu ndi amene mumagwira fodya tsiku ndi tsiku," anatero. "Pali zimene mumaona zimene ine sindiona. Amene ali ndi ganizo loti ntchito iziyenda bwino, alembe aponye umu. Kiyi ali ndi ine ndekha."

Anthu anaomba m'manja mwaulemu n'kubalalika. Pobwerera ku shedi, a Lefina, omwe ankaima pafupi ndi a Malita pa tebulo, anawakoka chitenje.

"Mwalimva bokosilo, amnzanga? Lero likufuna maganizo, mawa lifuna mayina. Pepala lili ndi miyendo. Ukaliponya pa Santhe, umakalipeza ku boma litakudikirira."

Zinali zaka zimene munthu ankayamba wacheuka asanadandaule kanthu, ngakhale za mchere wosowa m'sitolo, ndipo khadi la chipani linkayenda nawe kulikonse ngati mthunzi. Sabata yoyamba bokosi linakhala lopanda kanthu. A Chimphamba atadandaula, a Masautso anaopa kuti shedi yawo ioneka yamwano, ndiye analamula kuti aliyense aponyemo kanthu. Odziwa kulemba analembera anzawo. Loweruka manijala atatsekula, anapeza mapepala odzaza, koma onse akunena chimodzi: "Zonse zili bwino, tikuthokoza bwana." Wina anathokoza chifukwa cha mvula ya chaka chatha. Wina anathokoza chifukwa cha bokosi lomwelo. Anthu amene anasuzumira mu ofesi akuti anaona bwanayo atagwira kumutu.

A Malita sanaponyemo kanthu sabata imeneyo, chifukwa kunena kuti zonse zili bwino kukanakhala kunama. Koma ganizo anali nalo, ndipo linali lakale. Bambo awo ankalima fodya wa chikopa, ndipo sankamugwira masana. Ankamuyala pa udzu m'bandakucha kuti amwe mame, n'kumusankha dzuwa lisanatenthe. Pa esiteti belu linkalira seveni koloko, mame atauluka kale.

Lamulungu atachoka ku mapemphero, anang'amba pepala kumbuyo kwa kope lawo la Chigwirizano cha amayi, nakhala pakhonde n'kuyamba kulemba ndi zilembo zazikulu zimene anaphunzira ku sukulu ya kwacha. A Lefina anawapeza ali pakati.

"Ngati mwalimbikira, musalembepo dzina."

"Pepala lopanda dzina ndi miseche," anayankha a Malita. "Sindikunena munthu. Ndikunena fodya."

"Fodyayo ndi amene adzakuperekezeni ku boma?"

A Malita anaseka pang'ono, nalemba dzina lawo pansi.

Lachitatu m'mawa a Masautso analowa mu shedi nkhope ili gwa. "A Nambewe, akukufunani ku ofesi." A Malita anapukuta manja, nagwira pa mfundo ya chitenje kuti aone ngati khadi lilipo. A Lefina anawanong'oneza kuti, "Nkhuku zanu ndizidyetsa ine, koma mazira ndi anga."

Mu ofesi anapeza pepala lawo lili pa tebulo, lapsinjidwa ndi mwala. Anagwada pafupi ndi chitseko, koma a Chimphamba anawalozera mpando.

"Amayi, mwa mapepala onse aja, ili lokha ndi limene lili ndi ganizo. Tandifotokozereni."

A Malita anafotokoza pang'onopang'ono. Ntchito iziyamba kukangoyera, zitseko zitatsekulidwa kuti chinyezi chilowe. Dzuwa likakwera, pansi pazithiridwa madzi, ndipo pakhomo pazipachikidwa ziguduli zonyowa kuti mphepo izilowa yofewa. Masana akakwana, fodya afunditsidwe, anthu aweruke.

A Masautso, omwe anaima pakhomo, anatsokomola. "Bwana, belu la seveni linaikidwa ndi eni ake a esiteti. Ndiye lero lisinthe chifukwa cha mame?"

"A kapitawo akunena zoona, belu si langa," anatero a Malita. "Komanso ndi iwo amene anandionetsa zinyenyeswa zija ndi ndodo yawo. Pakadapanda iwo sindikadaganiza."

A Masautso anayang'ana ndodo yawo ngati akuiona koyamba.

"Tiyesa sabata imodzi," anatero manijala. "A kapitawo, inu ndi amene muziona zinyenyeswa."

"Zikapanda kuchepa, mawu anga aja ali pomwepo," anatero a Masautso.

"Nanga chachiwiricho, bwana?" anafunsa a Malita, chifukwa papepalapo panali zinthu ziwiri.

A Chimphamba anawerenganso mzere wa pansi. "Zimenezo tiona, amayi."

Lolemba lake shedi inatsekulidwa nyenyezi ya nthanda ikadali kumwamba. Anthu anabwera akunjenjemera ndi chisanu, ena akung'ung'udza kuti a Nambewe awalanda tulo. Koma atagwira fodya, anapeza kuti ndi wofewa ngati nsalu yochapa kale. Tsamba linkatambasuka lonse osang'ambika. Lachisanu a Masautso anazungulira matebulo onse ndi ndodo yawo, nafika pangodya paja, nafukulafukula pansi, osapeza choti n'kufukula.

"Manjawa akadali ndi mphamvu ndithu," anatero, akuyang'ana kwina.

"Ndi mame, a kapitawo," anatero a Malita.

Mwezi unatha, ndipo za kuika wina pamalopo sizinatchulidwenso. Belu linasintha. Amayi anayamba kumaweruka masana, n'kumakhala ndi nthawi ya kudimba, ndipo Lachinayi ankafika ku Chigwirizano nyimbo yoyamba isanathe. Chimenechi ndi chimene a Malita ankathokoza nacho Mulungu koposa. Anthu ataona kuti a Nambewe apita ku ofesi n'kubwerako ndi miyendo yawo, bokosi lija linayamba kulandira zina. A Lazaro oyendetsa ngolo analemba za dzenje la pamlatho limene linkathyola matayala. A Lefina nawonso analemba, koma dzina sanaikepo, ngakhale aliyense anadziwa kuti pa esiteti yonse ndi iwo okha amene akanapempha kuti mbuzi za a kapitawo zizimangidwa.

A Malita anagwira ntchito zaka zina zisanu ndi ziwiri pangodya pomwepo. Mwana wawo wamkazi uja anamaliza sukulu nakhala mphunzitsi, ndipo maso atakanikiratu anabwera kudzawatenga. Anakhala kwa mwanayo mpaka Ambuye anawaitana, ndipo amene ankakawaona amati m'mawa uliwonse ankatulukabe kukaponda udzu.

Chachiwiri chija sichinayankhidwe. Chaka choyamba mmisiri anali wotanganidwa ndi mabani oumitsiramo fodya. Chaka chachiwiri njerwa zinapita ku nyumba ya mlonda. Kenaka a Chimphamba anasamutsidwa, ndipo amene anabwera m'malo mwawo sanalione pepalalo. A Malita sanakakumbutse ku ofesi. Anangotenga khala n'kujambula mizere inayi pakhoma la pangodya yawo, pamwamba pang'ono pa mutu wawo, ndipo mizereyo ikafufutika ankaibwereza. A Lefina ankawaseka kuti, "Tsekulani zenera lanulo, amnzanga, kuno kwada." Iwo ankayankha kuti, "Dikirani, likadali kwa kalipentala."

Tsiku limene a Malita ankachoka pa esiteti, anapukuta tebulo lawo, natsanzika onse mmodzimmodzi, nabwereza mizere ija komaliza. Mawu a mzere wa pansi pa pepala lija a Lefina ankawakumbukira onse, chifukwa anali pakhonde pomwepo akulembedwa: "Chachiwiri, ngati n'kotheka bwana, mutiboolereko zenera pangodya, kuti ife a maso okalamba tiziona mtundu wa fodya osamuvutitsa."