Ekizozi ya ku Kanyama ndi Kalata Imene Ndikudikirabe

Dandaulo langa loyamba ndinalipereka Lolemba lachiwiri la mwezi wa Ogasiti, chaka chimene madzi a mvula analowa m'nyumba zathu ku Kanyama mpaka kulekeza m'mawondo. Dandaulo lachiwiri ndinalipereka mu Novembala chaka chomwecho. Otsatira onse ali m'fayilo yobiriwira, mondondozana, lililonse ndi kope lake la kaboni. Nkhani yake ndi ya ekizozi, paipi yotulutsira utsi ya njinga yanga yamoto.

Masiku amenewo ndinali kalaliki wosunga zida pa fakitale ina ku Heavy Industrial Area. Njingayo ndinaigula yatsopano patangopita zaka zochepa dziko litalandira ufulu, m'masitolo mukadali katundu. Inandinyamula zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo wapolisi aliyense amene anandiimika anandibwezera mapepala anga mokhumudwa, chifukwa munalibe choti agwirepo. Kenako anabwera madzi aja. Njinga inagona m'matope masiku anayi, ndipo mvula itatha ekizozi inabooka kunsi, n'kuyamba kulira ngati chigayo.

Ndinayamba kupita ku sitolo kumene ndinaigula. Anandiuza kuti zida zochokera kunja zinasiya kubwera chifukwa dziko linalibe ndalama zakunja, koma anandilola kulemba dzina langa m'buku la odikira. Ndinapita ku msika wa Matero. Kumeneko munthu wina anatulutsa ekizozi yonyezimira pansi pa tebulo, ya mtundu weniweni wa njinga yanga. Nditamufunsa za lisiti anandiyang'ana ngati ndatukwana amayi ake, n'kuibwezera pansi pa tebulo pomwepo.

Amene anatsala anali wowotcherera zitsulo wa kwathu ku Kanyama, Mbemba wochokera kumpoto. Ine ndine wa kum'mawa, choncho iye ndi ine tinali pachimbuya, chibale chonyozana popanda wokwiya. Anatenga paipi ya madzi ndi chitini chakale cha chozimitsira moto, anaika timbale toboola mkati mwake kuti tizimeza phokoso, n'kuwotcherera zonse pamodzi. Atamaliza ndinapempha lisiti.

"Ba mbuya," anatero akuseka, "imwe bakum'mawa, mbeba mukudya, manje mufuna na pepala? Muzaikazinga?"

"Wakudya anyani sangadziwe ntchito ya pepala," ndinamuyankha. "Lembani tsiku, lembani zimene mwapanga, musayine."

Analemba pa chidutswa cha thumba la simenti. Ndili nacho. Ndi tsamba loyamba m'fayilo.

Tsono ndifotokoze chifukwa chake sindinangokwera n'kumapita. Pa fakitale pathu panali mnzanga amene anagunda mayi wogulitsa tomato ndi njinga yake, mayiyo n'kuthyoka mwendo. A inshuwalansi anabwera, anaona kuti anasintha zina pa njingayo osawauza, ndipo anakana kulipira. Mnzangayo anagulitsa nyumba yake ya ku komboni ya George nabwerera kumudzi. Ndinamuthandiza kukweza katundu pa lole. Kuyambira tsiku limenelo ndinkawerenga pepala la inshuwalansi mpaka timalemba tating'ono ta kumbuyo, ndipo pa ndime yachisanu ndi chinayi panalembedwa kuti aliyense wosintha chida cha njinga awadziwitse mwa kalata.

Ndinawadziwitsa. Amayi a kunyumba anandipeza ndikumata envulopu.

"Atate, Kanyama yense akuyenda ndi maekizozi a mbuya wanu yemweyu. Ngakhale a tcheyamani a chipani njinga yawo imadzutsa nkhuku za ku Chawama. Ndani mwa iwo analembera munthu kalata?"

"Palibe. N'chifukwa chake ndikulemba ine."

Yankho linabwera m'masabata awiri okha, ndipo ndiyenera kuwayamikira, pakuti sanachitenso changu chotere mpaka lero. Anandithokoza chifukwa cha kukhulupirika kwanga. Anandiuzanso kuti chitetezo changa chaimitsidwa kufikira woyesa wawo ataona ekizoziyo ndi kutsimikiza mwa kalata kuti ilibe mlandu. Ku ofesi ya za pamsewu anati sangandipatse pepala la fitinesi, lotsimikiza kuti njinga ndi yoyenera kuyenda pamsewu, popanda inshuwalansi yamoyo. Motero mwa anthu onse a m'Kanyama oyenda ndi ekizozi yowotcherera, woletsedwa kukwera ndinali ine ndekha, amene ndinanena zoona.

Ndinamasula ekizozi, ndinaiika m'saka, ndinakwera nayo basi kupita ku ofesi ya inshuwalansi. Kalaliki wa pa kauntala anasuzumira m'sakamo.

"Ba mudala, ise sitipima paipi. Tipima njinga. Bweretsani yonse."

"Ndiibweretse bwanji, poti mwandiletsa kuikwera?"

"Ivo ni vanu, ba mudala."

Ndinapempha tchuthi cha tsiku limodzi kuntchito, ndinabwezera ekizozi pamalo pake, ndipo ndinakankha njingayo kuchokera ku Kanyama mpaka m'tauni, nditavala jekete. Anthu m'njira ankandifunsa ngati petulo wathera. Thanki inali yodzaza.

Woyesa uja anatsika, bambo wamtali wa magalasi. Anagwada, anagogoda chitini ndi kiyi, anandiuza kuti ndilize injini. Anamvetsera, n'kupukusa mutu mosirira.

"Iyi ilila bwino kuchila ya ku fakitale. Anapanga ni ndani? Yendani chabe, atate, kalata izabwela."

Ndinamupempha kuti alembe mzere umodzi wokha pa pepala lililonse, asayine, adinde. Anati wotayipa wapita ndi anzake onse kukaima m'mbali mwa msewu kuti alandire mlendo wa boma, ndipo chidindo chatsekeredwa m'kabati ya bwana, amenenso ali ku msewu komweko. Anandigwira paphewa. "Mau yanga yakwana."

Mawu a munthu sadindika, ndipo mwendo wa mayi wa tomato ukathyoka, mawuwo amakhala atapita kale kutchuthi. Ndinakankhanso njinga kubwerera ku Kanyama.

Kalatayo sinabwere. Pa dandaulo lachitatu anandiyankha kuti fayilo yanga yasowa. Ndinawatumizira makope a zonse, ndipo anandithokozanso. Pa lachisanu anati woyesa uja anapuma pantchito osasiya lipoti. Wolowa m'malo mwake anafuna chidindo cha fakitale imene inapanga ekizozi. Ndinakauza mbuya wanga. Anaseka mpaka kukhala pansi, kenako anatenga tchizulo n'kukhoma nambala ya puloti yake pa chitini. "Ndiye chidindo cha fakitale icho. Bauzeni ba manija bapezeka Mande mpaka Sabata, ngati sibali ku maliro." Ndinalemba zimenezi m'mawu aulemu n'kutumiza. Sanayankhe. Ulamuliro wa chipani chimodzi unatha, ofesiyo inasamuka, mafomu anasintha mtundu, ndipo ku sitolo ija buku la odikira linatha ndi sitolo yomwe.

Njinga ili pabalaza, pakati pa kabati ndi zenera. Amayi amaitchula kuti mkazi mnzawo, ndipo amati mwa awiriwo wopukutidwa kawirikawiri ndi iyeyo. Chaka cha madzi chija ndinali nditawalonjeza kuti ekizozi ikakonzeka ndidzawanyamula kukaona mng'ono wawo ku Kaunda Square, ndipo anasoka kakhushoni ka chitenje koti akhalire kumbuyo. Akhala akupita pa minibasi zaka zonsezi, koma kakhushoniko sanakapereke kwa munthu. Lamlungu lililonse tikaweruka ku tchalitchi ndimatulutsa njingayo pabwalo ndi kuiliza mphindi zisanu. Bwalo la nyumba si msewu. Ndinafunsa, ndipo yankho limenelo ndili nalo lolembedwa. Mbuya wanga tinamuika m'manda kalekale, koma paipi yake ya madzi sinabookebe paliponse.

Ana anga amati ndingokwera, palibe wapolisi amene angagwade kuyang'ana kunsi kwa njinga ya nkhalamba. N'kutheka. Koma mawondo anga akuuma chaka ndi chaka, maso a amayi akuchita nkhungu, ndipo sindidzanyamula mkazi wanga pa msewu wa Lusaka ndi chitetezo chimene chinaimitsidwa mwa kalata n'kubwezeretsedwa ndi dzanja la paphewa.

Choncho, kwa amene ali ndi fayilo yanga tsopano, kapena amene analowa m'malo mwa amene anaitaya: ndikupempha mwaulemu kuti mundiyankhe mwa kalata yosayinidwa ndi yodindidwa, ngati ekizozi imene woyesa wanu anaimva ndi makutu ake ili yololedwa kapena ayi, ndiponso ngati chitetezo changa chingabwezeretsedwe. Mukafuna kuionanso, mutumize munthu ku Kanyama, pakuti kukankha sindingathenso. Makope a zonse ndili nawo, kuyambira pa thumba la simenti. Ulendo wake ndi umodzi wokha, wa ku Kaunda Square ndi kubwerera, ndipo ndikupempha kuti yankho lifike okwera ake akadali awiri.