Khosi la Atate

Lachisanu, mwezi wa Juni. Ndadzuka ndi mtima wosakhazikika, ndipo chifukwa chake ndi khosi la munthu wina.

Atate ndi kalaliki m'tauni muno mwa Fort Jameson. Amakhala chowerama pa makina a taipi tsiku lonse, ndipo sabata ino khosi lawo linauma. Akafuna kuyang'ana kumbali amatembenuka thupi lonse. Vuto ndi lakuti kuntchito amapita pa njinga kuchokera kuno ku Kapata, ndipo munthu wosacheuka pamsewu sadziwa chimene chikubwera kumbuyo. Lachiwiri lole ya fodya inawakankhira m'ngalande. Anabwera ndi bondo losupuka.

Tsiku lotsatira ndinawaperekeza kuchipatala, popeza Amayi ali ku Kasenengwa kokumba nsawawa ndipo ine ndili pa tchuthi. Wothandiza dokotala anati mapiritsi okha sangathandize. Anandiitana kuti ndione. Choyamba, kuthowa ndi nsalu yoviika m'madzi ofunda. Kenako kutikita ndi zala zazikulu, pang'onopang'ono, kuyambira paphewa kukwera mpaka m'munsi mwa nkhongo, pamnofu osati pafupa. Pomaliza wodwala atembenuze mutu yekha mpaka pamene ululu wayambira, aime, abwerere. Anabwereza kuti khosi salipotokola mwamphamvu. Atate anatuluka akuti apezako bwino.

Madzulo ndinafunditsa madzi n'kubwera ndi nsalu. Atate anayang'ana beseni, kenako ine.

"Ika pansi, mama. Mwana wamkazi wotha msinkhu sagwira khosi la atate ake. Anthu a m'komboni adzati chiyani?"

Ndinawakumbutsa kuti wachipatala anaonetsa ine. Anati zakuchipatala zimathera kuchipatala.

Dzulo kunabwera a Tembo, oyandikana nafe, amene anali msilikali kale. Anati kunkhondo makosi otere ankawawongola asanamwe tiyi.

"Khalani apa, achimwene. Mwafewa ndi mipando ya azungu."

Anawagwira chibwano ndi nkhongo, n'kupotokola kamodzi. Khosi linalira ngati nkhuni youma. A Tembo anapita okhutira. Lero Atate sakutha ngakhale kuwerama kuti amange nsapato, koma njinga akwerabe.

Sindikunyoza mwambo. Ndikudziwa chimene umateteza, ndipo ine ndemwe sindikhala pamphasa imodzi ndi Atate. Ndikungoona mmene zinthu zayendera. Dzanja limene linaphunzitsidwa lakanidwa chifukwa ndi la mtsikana. Dzanja limene silinaphunzitsidwe laloledwa chifukwa ndi la mwamuna. Khosi silinafunsidwe.

Inu owerenga, si kwathu kokha. Amuna ambiri tsopano ali m'tauni pa ntchito zowerama, akalaliki, atelala, okonza mawotchi, pamene akazi awo amakhala miyezi kumudzi kuminda. Amene amatsala panyumba kuphika ndi kuchapa ndi ana aakazi. Mwambo unapangidwa pamene pakhomo sipankasowa mlongo kapena msuweni woti agwire wodwala. M'nyumba ya zipinda ziwiri ya ku Kapata, agwire ndani?

Kusukulu amatiuza kuti dziko likufuna anamwino, ndipo Atate ndiwo amanyadira kwambiri ndikanena kuti ndidzakhala mmodzi. Kodi akuganiza kuti odwala onse adzakhala akazi? Mwina atate a anthu ena ndidzawagwira, anga okha ayi.

Kukangana nawo sindikangana, chifukwa sindingapambane, ndipo khosi silidikira mkangano. Mawa m'mawa ndiwapempha njinga kuti ndipite ku Kasenengwa. Akandibwereka, ndiye kuti kuntchito apita wapansi, m'mbali mwa msewu. Ndikafika ndikakhala pansi pamaso pa Amayi, ndikaika zala zawo pakhosi langa, n'kuwaonetsa poyambira ndi polekezera. Nsawawa zidikire. Ndikabwera nawo pa kaliyala.