Mimba ya Mayi Dorika

Mayi Dorika a ku Makhanga anali namfedwa wa zaka makumi asanu ndi ziwiri, wogulitsa milamba yowamba. Impso zawo zitasiya kugwira ntchito, madokotala ku Blantyre anawaika kapaipi pamimba. Kanayi pa tsiku ankathira thumba la madzi a mankhwala m'mimbamo, madziwo n'kukhala maola angapo akukoka zoipa za m'magazi, kenako n'kuwatulutsa. Namwino anawauza mobwerezabwereza kuti dzanja losasamba lisakhudze kapaipiko.

Malita awiri a madzi sabisika. Mimba inakula, mchombo nawo n'kutupa ngati kadzira chifukwa cha kulemera kwa madziwo. Anthu a ku Makhanga, amene impso amazidziwira pa mbuzi yophedwa, anawapeza matendawo msanga kuposa madokotala: namfedwa ali ndi pakati. Mwini mimba anamupezanso, Damiano wopalasa bwato, poti ndiye ankawaolotsera makatoni a mankhwala.

Loweruka lina kunabwera Mayi Maness, mtsogoleri wa amayi kumpingo. Mwezi wonse umene Dorika anagona m'chipatala mayiwa analibe mpata, koma tsiku limeneli mpata unapezeka.

"Tabwera mwachikondi, amayi," anatero Maness. "Kukumveka zinthu kunjaku."

"Takhuta," anayankha Dorika, kuthokoza kwa Chisena. "Koma chikondicho chayenda pang'onopang'onotu."

Mafunso atawakwana, Dorika anakweza bulauzi. "Nayu mwanayo. Dzina mupereke ndinu."

Maness sanakhutire ndi maso okha. Ndi manja amene anali atangomangira mbuzi, anagwira kapaipiko n'kupotokola kachitsekero kuti aone ngati si kongomata. Dorika anakankha dzanjalo, koma mochedwa.

Patapita masiku awiri madzi anatuluka a mbuu ngati otsukira mpunga. Mimba inauma gwa, thupi linatentha, chilichonse chimene adya ankasanza. Msewu unali utamira, ndiye Damiano yemweyo anawagoneka m'bwato. Amene anali padoko anagwedeza mitu, ati umboni ndi umenewo.

Ku Blantyre anati tizilombo talowa m'mimba. Mankhwala sanaphule kanthu, kapaipi anakachotsa. Tsopano Dorika amakhala kwa mng'ono wawo ku Ndirande, n'kumapita ku makina osefa magazi kawiri pa sabata. Ku Makhanga makinawo kulibe, ndiye nyumba yawo ikungodyedwa ndi chiswe.

Kalata ya mpingo inawapeza komweko. Inati akuluakulu atafufuza mosamala ndi mwachikondi, apeza kuti Mayi Dorika alibe mlandu, ndipo ndi omasuka kubwereranso ku mgonero wa Ambuye ku Makhanga Lamulungu likubwerali.