Monty ali kuseri kwa galasi

Lolemba lapitali ndinalandira imelo kuchokera ku bungwe lina losamalira agalu osowa pokhala. Ndinaiwerenga ndili m'basi, ndikuchokera ku Lewisham, kuno ku London, kupita kuntchito, ndipo ndinapitirira pamene ndimatsikira.

Ankati akukonza tsamba lokumbukira agalu amene anafera m'manja mwa ife owasunga asanapeze mbuye watsopano. Aliyense atumize mawu ochepa ndi chithunzi chimodzi cha galuyo ali pakhomo, lisanafike Lachisanu. Amene alibe chithunzi asavutike, iwo adzaika chomwe anamujambula tsiku limene anamutola.

Chithunzi chimenecho ndimachidziwa. Monty ali m'khola la waya, nthiti zikuwerengeka, khutu limodzi lagwa, maso ali pansi ngati wagwidwa akuba mazira. Ndinalumbira m'basi momwemo kuti dziko silimukumbukira choncho.

Inde, mwamva bwino. Ine mwana wa ku Dedza ndimasunga agalu m'nyumba. Sekani, ndikudikirani.

Mwatha? Ndikufotokozereni tsono. Bungweli limatola agalu otayidwa, kapena amene eni ake amwalira. M'malo mowaunjika m'makola, limawapereka kwa anthu ngati ine kuti tiwasunge kwa kanthawi mpaka apezeke wowatenga kuti akhale ake. Anandilembetsa ndi mwana wanga Thoko atatsala pang'ono kupita ku yunivesite, ati nyumba idzandikulira. Ndinakana ndi mutu wonse, koma mwana wobadwira kuno akafuna chinthu amadziwa kudzaza mafomu.

Agalu atatu oyamba anabwera n'kupita, ndipo ndinawatsanzika monga umatsanzikira munthu amene wakhala naye pa mpando umodzi m'sitima. Monty anali wachinayi. Anali galu wokalamba, wofiirira, wa imvi kukamwa. Mwini wake, mdala wina amene ankakhala yekha, anamwalira, ndipo achibale anatenga zonse m'nyumbamo kusiya galu. A bungwe anandiuza kuti ali ndi vuto la mtima, ndimusunge kaye anenepe, akachira adzabwera kudzamujambula bwinobwino n'kumulengeza kwa ofuna agalu.

Anakhala nane miyezi isanu, ndipo sanachire.

Anali wochenjera mwa ukalamba wake. Mapiritsi ndinkamubisira mu tchizi, iye n'kudya tchizi, piritsi n'kukalilavulira kuseri kwa firiji. Tikapita kokayenda ku Greenwich ankakwera kachitunda ka kumeneko mpaka pakati, n'kuima pa benchi yomweyomweyo, kundiyang'ana ngati akuti wotopa ndine. Chichewa anachimva msanga kuposa ana ena a kutchalitchi kwathu. Ndikati “tiye” ankadzuka, ndikati “wadya kale iwe” ankapita kukagona atakwiya. Ndikamaphika ankagona chopingasa pakhomo la khitchini, ndipo mpaka lero ndimakweza phazi pamenepo.

Anamwalira Lachiwiri lina masana, mwezi wa Epulo, kwa dokotala wa ziweto, mutu atautsamiritsa pa phazi langa. Ndinabwerera pa basi chingwe chake chili m'chikwama. Madzulo ake ndinapita ku kwaya, ndipo atandifunsa za maso ofiira ndinati ndi chimfine.

Ndimamusowa galu ameneyu. Ndanena, ndipo pepala silinang'ambike.

Lolemba lomwelo nditaweruka ndinayamba kusakatula mu foni. Muli malisiti, mita ya magetsi, pasipoti, keke ya pa ubatizo wa mwana wa mnzanga, nsapato zimene ndinaziona m'sitolo n'kuzisiya. Muli ngakhale thumba la ufa limene ndinajambula kuti ndionetse mchemwali wanga mmene zinthu zakwerera kuno. Monty mulibe. Miyezi isanu yathunthu, ngakhale kamchira.

Mudzandifunsa kuti zinatheka bwanji, ndipo nanenso ndadzifunsa sabata yonse. Kwathu galu sajambulidwa. Akapezeka pa chithunzi ndiye kuti anangodutsa, ndipo pambali pali wina amene wanyamula kale mwala. Galu ndi wa panja, amadya zotsala, akafa amakokedwa ndi mwendo kupita kudzenje, ndipo wolira amasekedwa mpaka adzakule. Ndinakula choncho, ndipo ndinabwera nazo kuno limodzi ndi zitenje zanga.

Koma pali chinanso, ndipo ichi sichikhudza agalu okha. Monty anali wa kanthawi. Chinthu cha kanthawi uchijambuliranji? Uchiguliranji bedi lake, pamene bulangeti lakale lilipo?

Ife Amalawi a ku London mawu amenewa timawadziwa bwino. Tinabwera kudzaphunzira chaka chimodzi, kapena kudzagwira ntchito pang'ono kuti tikamalize nyumba ku Area 25. Nyumba imene ndikukhala ndinalowamo zaka khumi ndi zinayi zapitazo, koma sindinakhomepo msomali pakhoma. Mbale zabwino zili m'katoni, zikudikira kumudzi. Makatani ndi omwe ndinawapeza. Tikakumana pa ukwati kapena pa maliro timauzana kuti chaka chamawa basi tikupita, tonse n'kugwedeza mitu, pamene tsitsi likuyera. Kodi moyo umene tikuusungira m'katoniwu tidzaukhala liti? Nanga uwu tikuupuma tsiku ndi tsikuwu ndi wa yani?

Lachiwiri ndinamuimbira Thoko, mwina iye anamujambulapo atabwera pa Khirisimasi. Anati foni yake ya nthawi imeneyo inagwera m'madzi kalekale. Koma anandikumbutsa chinthu.

“Mami, tsiku la mapemphero lija simunajambulitse? Mdzukulu wa mmodzi wa amayi aja ananditumizira, kenako ndina-delete. Ndikuganiza Monty anali ku back.”

Tsiku limenelo ndinali nditaliika kutali.

Linali Loweruka la mwezi wa Febuluwale. Amayi a kutchalitchi timasinthana nyumba zochitiramo mapemphero, ndipo ulendo umenewo unali wanga. Ndinakolopa, ndinapopera mankhwala onunkhira, ndinabisa mbale za galu pansi pa sinki. Kenako ndinatsegula chitseko cha galasi chotulukira ku kabwalo ka kuseri, n'kumutulutsa Monty, galu wokalamba wodwala mtima, kunja kukuzizira mpaka kuluma zala. Ndinamuyalira katoni. Amayi asanu ndi awiri Achimalawi apeze galu pa kapeti? Nkhani ikanafika ku Dedza ine ndisanatsuke makapu.

Tinapemphera, tinaimba, tinadya mandasi. Maola anayi. Ndinkamumva akukanda galasi, ndipo ndinkangokweza mawu pa nyimbo. Pomaliza tinaima pamodzi kutsogolo kwa chitseko chomwecho, poti ndi pokhapo pamene tinkakwana tonse, n'kujambulitsa pa tabuleti ya Mayi Nkhoma.

Mayi Nkhoma ndi mkulu wathu wa amayi. Anabwera kuno kalekale ndi amuna awo, malemu tsopano, pothawa ndale za nthawi imeneyo, ndipo amakhala ku Wembley. Ndi munthu woti ukavala siketi yaifupi sanena kanthu, amangoiyang'ana mpaka italike yokha. Zotumiza zithunzi sadziwa, amadikira adzukulu. Choncho Lachitatu ndinapempha kuweruka msanga, ndinakwera sitima ya DLR, ndinasinthira ya Jubilee, ulendo wonsewo ndikukonza bodza. Ndinawauza kuti ndikufuna chithunzi cha amayi kuti ndichiike pakhoma.

Anandilandira ndi tiyi, n'kundipatsa tabuleti kuti ndifufuze ndekha. Ndinachipeza. Amayi asanu ndi atatu, ine ndili kumapeto, tonse mano panja. Ndipo m'munsi, pakati pa chitenje changa ndi khoma, kuseri kwa galasi, panali kankhope kofiirira.

Ndinayamba kuchikuza ndi zala. Amayi onse anatuluka m'mbali mmodzimmodzi mpaka panatsala iye yekha. Ndinaiwala kuti mwini tabuleti wakhala pambali panga.

“Amake Thoko,” anatero Mayi Nkhoma, “amayi amene mukufuna kuika pakhomawo ndi amenewa?”

Ndinawauza zonse, za bungwe, za tsamba lija, za Lachisanu, ndiponso kuti chimfine cha mu Epulo sichinali chimfine. Ndinkadikira kuti andiyang'ane mmene amayang'anira masiketi aja.

Anatenga tabuleti, anavala magalasi, anayang'ana nthawi yaitali.

“Ndinamuona tsiku lija,” anatero. “Ndinakhala moyang'ana chitseko. Pemphero lonse lija ine maso anali pa iyeyu, akunjenjemera. Ndinafuna kunena kuti mwananga, mulowetseni, kunja kuli cold. Koma ndinati amayiwa aziti gogoyu wakhalitsa kuno, wasanduka mzungu.”

Ndinati, “Amayi, ine ndinamutulutsa poopa inu.”

“Ndiye tinkaopana,” anatero, “galu n'kumazizidwa.”

Anathira tiyi wina, ngakhale woyamba ndinali ndisanamwe. Kenako anandiuza zimene sindinazimvepo zaka zonse ndawadziwa. Atangofika kuno, a Nkhoma anakhala nthawi yaitali osapeza ntchito, munthu amene kumudzi anali ndi ofesi yake. Mzungu wina wokalamba woyandikana nawo anali ndi galu, ndipo a Nkhoma ankamuyendetsa m'mawa uliwonse. Ankamuuza zonse m'Chichewa, za abale amene sankatha kuwalembera kalata, za maliro a amayi awo amene sanapiteko.

“Galuyo atafa, bambo anu anakhala masiku awiri osadya. Ine ndinawakalipira. Ndinati mwasiya anthu kumudzi osawalira, mukulira galu wa eni? Sanatchulenso dzina la galuyo mpaka tsiku lawo lomaliza, ndipo ine ndaliiwala. Ndimayesa kulikumbuka, silibwera.”

Sitinalire. Tinamwa tiyi, ndipo anandifunsa ngati Thoko akudya mokwanira kusukuluko. Ndisananyamuke ndinadzitumizira chithunzicho pa foni yanga.

Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mwambi umenewu ndinaphunzitsidwa ndili wamng'ono, ndipo ndi umene unandichititsa kukolopa ndi kukazinga mandasi tsiku lija. Koma amayi aja ndikuonana nawo Lamulungu lililonse mpaka pano. Mlendo weniweni m'nyumba muja, amene anali ndi masabata owerengeka, ndi amene ndinamuyalira katoni panja.

Sindikunena kuti galu ndi munthu, musandiimbire foni. Sindikunenanso kuti tiyambe kuwaveka majuzi n'kumawayendetsa m'ngolo za makanda monga ndimaonera ku Greenwich. Ndikungofunsa kuti ndi zinthu zingati zimene timazikonda mobisa, poopa anthu amene nawonso akutiopa? Pakhomo panu, alendo akamabwera, mumatsekera chiyani kunja?

Lachinayi ndinatsegula tsamba lija kuti ndione zimene anzanga atumiza kale. Agalu ali pa sofa, ali m'mabulangeti, wina wavala chipewa cha pepala, wina wagona pa miyendo ya bambo wandevu amene akuoneka kuti wauma mwendo koma sakufuna kusuntha. Onsewa anafa asanapeze kwawo, monga Monty, koma pa zithunzizo palibe amene akuoneka ngati akudikira. Ndinachita nsanje, ndipo ndinachita manyazi.

Ndinali ndi zithunzi ziwiri zoti ndisankhepo, cha waya ndi cha galasi. Cha waya chikanandibisa, chifukwa wolakwa pamenepo ndi munthu wina amene sindikumudziwa. Cha galasi chimanena zoona. Ndinadula amayi ena onse, poti sanapemphedwe, n'kusiya mbali ya chitenje changa ndi dzanja langa. Pansi pake ndinalemba kuti anakhala nane miyezi isanu, kuti tsiku limenelo ndinamutsekera panja chifukwa kunabwera alendo, ndiponso kuti ndikanakonda ndikanamutsegulira. Ndinatumiza ndisanasinthe maganizo.

Mayi wa ku bungwe anayankha mwaulemu wawo uja, kuthokoza, n'kuwonjeza kuti ndiyang'anitsitse kumbuyo kwa galuyo. Sindinamvetse, ndiye ndinachikuzanso.

Masiku onsewa ndinkangoyang'ana nkhope, mphuno itagunda galasi, mpweya wake utachita nthunzi. Kumbuyo sindinayang'aneko. Miyendo ikuoneka bwinobwino, katoni ikuoneka, ngakhale ndowa imene ili pakona. Mchira wokha ndiwo sukuoneka bwino, wangochita chimbuuzi, chifukwa unali ukugwedezeka. Atakhala panja maola anayi, anandiona nditaima pafupi ndi chitseko, ndipo anayesa ndabwera kudzamutsegulira.