Ndinaphikira Alendo Nsomba za Kafukufuku

Inu owerenga, ine ndinatsala pang'ono kuwononga ntchito ya mwana wanga ndi manja angawa. Chinandipusitsa ndi mtima wofuna kulandira bwino alendo.

Mwana wanga wamkazi, Tadala, anaphunzira za ulimi wa nsomba mpaka kuyunivesite. Ine sukulu ndinalekezera ku pulayimale, koma ndikamuona atavala majombo ake ndimangoti Ambuye zikomo. Kwathu kuno ku Bembeke kumazizira, moti nsomba za m'maiwe zimapinimbira, zina n'kufa. Tadala anakumba maiwe awiri kudimba kwathu. Chaka ndi chaka ankasankha makumba amene apirira chisanu cha Juni, n'kuwadula kansonga ka chipsepse ngati chizindikiro, n'kuwasunga m'dziwe laling'ono.

Bungwe lina lolipirira maulendo a ofufuza linamuvomera. Mayi wina wofufuza za nsomba wa kudziko lakunja anayenera kudzaona makumbawo, ndipo akakhutira, Tadala akwere ndege kukagwira nawo ntchito kwawoko.

Tsiku lofika alendo, Tadala analawirira ku Boma kukawachingamira. Nkhuku zanga zinali zitatha ndi chitopa. Ndinadzifunsa kuti munthu wouluka mtunda wonsewo ndimupatse kabichi ndi mbatata ya kachewere basi? Ndinatuma bambo ake Tadala ndi ukonde. Atafunsa kuti dziwe liti, ndinati laling'onolo, ndi limene lili ndi zonenepa.

Ndinazikazinga bwino, tomato wake wokwanira. Alendo anadya mpaka kunyambita zala. Koma Tadala atatembenuza nsomba ya m'mbale mwake, anaona chipsepse chodulidwa.

"Amayi, nsombazi mwagula kuti?"

"Tigulirenji mwanawe, dziwe tili nalo?"

Anadzuka osasamba m'manja, liwiro la kudimba. Apo m'pamene ndinazindikira chimene ndachita. Tonse tinamutsatira, ine korona ili m'manja. Titafika, bambo ake anati, "Zina ndinabwezera m'madzi. Zinali zotupa kukamwa, ndiye ndinati mlendo sindingamudyetse zodwala."

Tadala analowa m'madzi ndi zovala zake zabwino zomwe, n'kukoka ukonde. Anagwira imodzi, kuitsegula kukamwa, mazira ali tho! Inu owerenga, ine sindinkadziwa kuti makumba aakazi amafungatira mazira m'kamwa. Zodwala zija zinali zazikazi zonyamula mbewu yonse. Mlendo uja anagwada m'matope n'kumajambula, kenaka anauza Tadala kuti andiuze kuti kubadwa kwawo sanadyepo kafukufuku wokoma chonchi. Anthu anaseka, ine misozi ili mbwembwembwe.

Komabe zazimuna zabwino zinathera m'poto mwanga, ndipo ntchito inabwerera m'mbuyo. Ndinapepesa mwana wanga ngati ndikupepesa munthu wamkulu. Iye anangoti, "Basi amayi, koma mukanandiimbira."

Mulungu ndi wachifundo, ulendo sunalephereke. Tadala anapita, anabwerako, ndipo lero alimi ochokera mpaka ku Linthipe amadzatenga mbewu ya nsomba kwa iye. Ku mphakati wa kutchalitchi akamanditchula kuti mayi ake a mtsikana wa nsomba uja, ndimayenda mutu uli m'mwamba.

Makolo anzanga, mwana akaika chinthu pakhomo panu, ngakhale chikhale m'dimba lanu lomwe, musachiyese ndiwo. Funsani kaye. Manyazi opatsa mlendo kabichi amatha tsiku lomwelo, koma ine ndikanakhala moyo wanga wonse ndikudziwa kuti ulendo wa mwana wanga ndinaukazinga ndekha.